Tsiku Limene Ndinatsogolera Amalume a Esinati ku Dzalanyama

Pa moyo wanga wonse ndinatulukapo m'dziko lino kamodzi osadziwa kuti ndatuluka, ndipo tsiku limenelo wotsogolera njira ndinali ineyo. Ana anga nkhaniyi amaidziwa mwa zidutswazidutswa, chifukwa ndakhala ndikuwauza malo okhawo amene ndikuoneka bwino, ndipo malo otero ndi ochepa. Lero ndaganiza zoinena yonse, poti ambiri amene akanandiseka anatsogola kale, ndipo otsalawo mano osekera alibe.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ndinali nditangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi, ndipo ananditumiza pa sukulu ina ya mishoni mu Lilongwe. Musaganize za Lilongwe wa leroyu. Nthawi imeneyo tauni yonse inali boma, msika, mlatho, sitolo za Amwenye ndi fumbi la malole a fodya; kumene kuli maofesi a boma tsopano anthu ankakumbako mbewa. Ine ndinkaphunzitsa jogalafe mu Sitandade 5, ndipo musandipeputse, ndinkaidziwa. Mitsinje ya ku Ulaya ndinailoweza pamtima kuyambira kumene imachokera mpaka kumene imathira. Mapiri a ku India ndinkawatchula ngati ndikutchula asuweni anga. Vuto linali limodzi: kwathu ndi kumadambo a kumadzulo kwa boma, ndipo chinthu chachitali kwambiri chimene ndinali nditakwerapo chinali chulu cha kuseri kwa khola la ng'ombe.

Pakhonde pa sitolo ya Mmwenye wina, moyang'anana ndi msika, pankakhala telala wachikulire, a Mbewe. Anali munthu wosachuluka mawu, ndipo ochepa amene anali nawowo ankatuluka movutikira chifukwa pakamwa pawo pankakhala mapini nthawi zonse. Pambali pawo pankakhala Esinati, mwana wa mlongo wawo, amene anamulera chimwalirireni amayi ake. Iye ankasoka mabatani ndi kusita zovala ndi simbi ya makala. Chaka chimenecho mabatani a malaya anga anayamba kuthothoka kawirikawiri (ena ndinkawathandiza ndi lumo), ndipo pofika mwezi wa Juni Esinati ankadziwa bwino chimene chinkandibweretsa pakhondepo. Sankaonekanso kuti zikumunyansa. Koma mwambo wathu mukuudziwa: mtsikana angakufune bwanji, amalume ake akapukusa mutu nkhani yathera pomwepo. A Mbewe sankapukusa mutu, sankagwedezanso. Ankangopondaponda makina awo.

Loweruka lina mphepo inasesa fumbi lonse, kumwamba kukati mbee. Kum'mwera chakumadzulo kunaoneka mzere wautali wa mapiri, wotuwa ngati utsi wogona pansi. Ndinaona kuti mwayi wodzionetsa ndi umenewu. Popanda wondifunsa, ndinaloza n'kuyamba kalasi pakhonde pomwepo. Ndinawauza kuti amenewo ndi mapiri a Dzalanyama, kuti mtsinje wa Lilongwe umene amachapako zovala umachokera kumeneko, kuti pamsana pake ndi pamene padutsa malire a dziko lathu ndi la Apwitikizi, ndi kuti ndi malo ovuta kufikako moti oyamba kukwerako anali azungu oyeza malo, amene anamangako zipilala. Ndinayankhula mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anaima n'kumamvetsera.

A Mbewe anachotsa pini imodzi pakamwa.

"Munakwerako, aphunzitsi?"

Esinati anaimika simbi pamwala n'kundiyang'ana. Maso amenewo ndi amene anandipweteketsa.

"Kawiri," ndinatero. (Kamodzi kanandionekera kochepa.)

"Ndiye zakhala bwino. Ndili ndi kantchito kumtunda kumeneko. Sukulu ikatsekera mudzanditsogolere."

Anafotokoza kuti lole ya mwini sitolo imapita kukatenga matabwa kwa anthu ocheka amene anamanga misasa m'munsi mwa phirilo, ndipo dalaivala sangakane kutinyamula. Atatero anabweza pini pakamwa, nkhani n'kutha.

Munthu wanzeru akanabwera mawa lake n'kupepesa. Ine ndinayamba kukonzekera. Pa mapu aakulu a m'kalasi mwanga, Dzalanyama yense anali kachithunzi konga kambozi kaubweya, kotalika ngati chala changa chachikulu. Ndinakakopera papepala mosamala, malire n'kuwalemba ndi inki yofiira. Ndinabwereka kampasi kwa aphunzitsi aakulu. Ndiye poti miyendo imafunika kuzolowera, m'mawa uliwonse ndinkapita pafupi ndi mlatho kukakwera ndi kutsika gombe la mtsinje kakhumi, mpaka amayi ochapa anatuma mmodzi wa iwo kudzandifunsa ngati ndataya chinachake chimene angandithandize kufunafuna.

Tsiku la ulendo ndinavala monga mphunzitsi wa nthawi imeneyo: kabudula woyera wositidwa, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zachikopa zatsopano, ndi chipewa. A Mbewe anabwera ndi buluku lakale la kaki, nsapato za matayala, ndodo ndi kathumba. Esinati anandipatsa chitini chimene munali mbatata zophika ndi mtedza wokazinga, n'kundinong'oneza kuti mawondo a amalume ake savuta pokwera koma potsika, ndiye ndisawafulumize. Anati mu Lilongwe monse alibenso wina koma iwowo. Ndinamulonjeza kuti ali m'manja odziwa.

Tinafika kwa ocheka matabwa dzuwa litangokwera pang'ono. Anthuwo anasiya macheka awo, n'kubwera kudzatipatsa moni zipewa zili m'manja, ena akuwomba m'manja mwaulemu. Ine ndinkaganiza kuti ulemu wonsewo ndi wa kabudula woyera, ndipo ndinaulandira. Ndinauza dalaivala kuti tibwera dzuwa lisanapendeke kwambiri. Iye anayang'ana a Mbewe, kenaka anayang'ana nsapato zanga, n'kunena kuti wamva.

Kuseri kwa misasa kunali njira yopondeka bwino, yolowera kumanzere. Mwana wakhanda akanaiona. Koma munthu amene wakwera phiri kawiri satsata njira ngati mlendo. Ndinagwada, n'kuika kampasi pachivindikiro cha chitini kuti ikhazikike bwino, ndipo singano italoza ndinalengeza kuti tidzera molunjika. (Kuti singano ya kampasi imakopeka ndi chitsulo ndinali nditaphunzitsa ana miyezi iwiri yapitayo. Ndinakwapulanso wina chifukwa choiwala.) A Mbewe anayang'ana njira ija kanthawi, kenaka anati aphunzitsi ndine, nditsogole.

Tinalowa m'nkhalango ya mombo ndi misuku. Poyamba zinkayenda bwino, ndipo ndinkatchula mayina a miyala m'Chingerezi. Kenaka tinafika pamalo oyanga mpesa wa zikhokhombe zaubweya zofiirira. A Mbewe anafunsa ngati mpesawo ndikuudziwa. Ndinati ndi nyemba zakutchire, zilibe vuto, n'kudutsa pakati pake ndikukankha ndi mawondo. Iwo analambalala patali.

Chinali chitedze.

Amene munakumanapo nacho simufunika kuti ndikufotokozereni. Amene simunakumane nacho, ganizirani linthumbu lathunthu litagwirizana zokhala m'kabudula mwanu. Koma mphunzitsi sadzikanda pamaso pa munthu amene akufuna kuti adzakhale apongozi ake. Ndiye ndinayamba kuima pa mtengo uliwonse, ndikukhulitsa mwendo pakhungwa, maso ali m'mwamba ngati ndikuphunzira masamba. Titafika pamtengo wachisanu ndi chiwiri a Mbewe anatapa dothi louma n'kundipatsa. Anati anthu osaphunzira amati kupaka dothi kumathandiza, kaya mabuku amati chiyani. Ndinapaka. Masokosi oyera aja anathera pamenepo.

Phiri lija lili ndi khalidwe loipa limene mapu sanena. Umaona nsonga patsogolo pako, n'kulimbikira mpaka mtima ukugunda m'makutu, ukafika n'kupeza kuti kuseri kwake kwabisala nsonga ina. Nsonga yoyamba ndinavula chipewa, n'kuwauza a Mbewe kuti tafika pamwamba penipeni, ndi kuti nthawi ziwiri zija ndinkapumira pamwala uwu. Iwo analoza ndi ndodo chitunda chimene chinali kutsogolo n'kufunsa ngati chimenecho chamera chaka chino. Nsonga yachiwiri ndinalengezanso, koma motsitsa mawu. Yachitatu ndinangokhala chete, chifukwa nsapato zatsopano zija zinali zitayamba kundidya zidendene, ndipo mpweya woyankhulira ndinalibe. Mkulu uja, wa mawondo ovuta uja, ankabwera pambuyo panga pang'onopang'ono, osapuma wefuwefu, akutola masuku ouma n'kumawayang'ana.

Dzuwa lili pamutu tinatulukira pamsana penipeni pa phiri, ndipo pamenepo ndinaiwala kuyabwa konse. Mitengo inali yaifupi, mphepo yozizira. Kumbuyo kwathu dziko lonse linali litayalidwa ngati mphasa: Bunda ndi Ngala zikuoneka ngati timiyala toponyedwa pabwalo, mitsinje ikung'anima apo ndi apo, ndipo kutali kwambiri kachifunga ka fumbi kamene kanali Lilongwe wathu yense, msika ndi mlatho womwe. Kutsogolo kwathu mapiri ankatsika motsatizana mpaka kutha kwa maso. Kumeneko kunali kwa Apwitikizi. Ndinali nditaphunzitsa za mapiri chaka chathunthu, koma sindinkadziwa kuti munthu akaima pamwamba amafuna kulira popanda chifukwa.

Pamalo oonekera panali chipilala cha miyala ndi simenti, chofika m'chiuno. A Mbewe anakhala pansi pambali pake, anavula chipewa, n'kuika chikhatho pasimentipo ngati munthu wosisita ng'ombe yake. Ine mpweya utabwerera, kalasi inayambiranso. Ndinawafotokozera kuti mvula ikagwa pamsana apa, dontho lina limatsikira mu Lilongwe, kukathira mu Linthipe mpaka kunyanja, pamene lina logwa mkono umodzi kuchokera pamenepo limapita kwa Apwitikizi kukathera mu Zambezi. Zimenezi ndinafotokoza bwino, ndipo zinali zoona. Kenaka ndinatamanda azungu olimba mtima amene anafika pano koyamba n'kumanga chipilalachi.

"Simentiyo anabwera nayo m'thumba la malaya?" anafunsa a Mbewe.

Ndinati pamenepo mabuku sanenapo.

Tinadya mbatata. Ndinavula nsapato kuti mapazi apume, n'kutsamira chipilala, ndipo tulo tinandiba. Podzidzimuka, nkhungu inali itaphimba phiri lonse. Sindinkaona Bunda, sindinkaona dzuwa, sindinkadziwanso kumene tinatulukira. Ndinaika kampasi pachitini paja, singano ikungozungulira mmene ikufunira. A Mbewe ankangondiyembekezera. Apa m'pamene ndikanati, bambo, ine sindikudziwa. Mawuwo anafika mpaka pakhosi. Koma chakumunsi ndinamva kamtsinje kakulira, ndipo ndinakumbukira lamulo la m'buku lakuti ukasochera utsate madzi. Ndinawauza kuti tikatsata kamtsinje aka, katifikitsa mu Lilongwe, ngakhale pamlatho penipeni tikafuna.

"Madzi ake ati?" anatero.

"Madzi ndi madzi, bambo."

Ineyo, amene ndinali nditangomaliza kumene phunziro la madontho awiri.

Kutsika kumeneko sindidzakuiwala. Kamtsinje sikasamala za anthu. Kamadumpha pamene kafuna. Tinkatsetsereka pamiyala yandere, tikugwira mizu. Pena ndinaterereka n'kutsika chokhala, ndipo nditaimirira ndinamva mphepo ikulowa malo amene siinkayenera kulowa: kabudula anali atang'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka m'munsi. Nsapato yakumanja inayasama ngati mlamba. Koma zimene zinandiopsa zenizeni ndi zoti a Mbewe anayamba kutsimphina. Anasiya mafunso awo aja. Pa thanthwe lina lotsetsereka bondo linawakana, anakhala pansi, nkhope itachita thukuta ngakhale kunkazizira. Ndinakumbukira mawu a Esinati ndipo manyazi anandigwira kuposa chitedze. Ndinakoleka kathumba kawo m'khosi, ndinagwada, n'kuwapempha kuti akwere kumsana. Anakana kawiri, kachitatu anavomera. Ndinawabereka mpaka pamene phiri linayamba kufatsa, ndikupuma katatu panjira. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

Tinatuluka m'nkhungu n'kupeza minda ya chinangwa, kenaka kamsewu kafumbi. Dzuwa linali litapendeka, ndipo linali kutsogolo kwathu. Munthu wopita ku Lilongwe kuchokera kumeneko dzuwa lamadzulo limakhala kumbuyo kwake. Ndinaliona, ndipo ndikuvomera pamaso panu kuti maganizo oyamba amene anandibwerera anali akuti dzuwalo lalakwitsa.

Pamsewupo tinakumana ndi amuna awiri a yunifolomu ya kaki yosafanana ndi ya apolisi athu, zibonga zili m'manja. Ndinawazindikira: anali asipayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, amene mbiri yawo tinkaimva ku Lilongwe kuchokera kwa anthu othawa kwawoko. Mutu wanga unagwira ntchito mwachangu, n'kupeza yankho lolakwika. Ndinaganiza kuti adumpha malire. Ndinaima pakati pa msewu, dzanja limodzi litagwira kabudula kumbuyo, n'kuwauza m'Chingerezi changa chabwino kwambiri kuti pano ndi pa Nyasalande, kuti alibe chilolezo choyenda m'dziko lino ndi zibonga, ndi kuti abwerere kwawo msanga ndisanakawanenere kwa a Disi.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka wamkuluyo anatembenukira kwa a Mbewe n'kufunsa m'Chichewa chosasiyana ndi cha kwathu: "Madala, ameneyu akuti chiyani? Ndi wanu?"

A Mbewe anandigwira pamkono. "Aphunzitsi, vulani chipewa. Kuno n'kwawo."

Ndinavula chipewa msangamsanga. Anafunsa chiphaso, ndinalibe. Anandisecha n'kupeza kampasi, pensulo, ndi pepala lojambulidwa phiri, malire atalembedwa ndi inki yofiira. Masiku amenewo ndale zinali zitayamba kutentha kwathu, ndipo Apwitikizi sankafuna kuti moto umenewo uwolokere kwawo. Munthu wolankhula Chingerezi, wotsika m'phiri mopanda njira, ali ndi mapu a malire, kwa iwo dzina lake linali limodzi: kazitape. Wamng'onoyo anati anditengere kwa mzungu wawo, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndinkadziwa zimene zinkachitika kumeneko. Kunali mbalamatodya, thabwa la mabowo lomenyera m'manja mpaka zikhatho kutupa, ndipo pambuyo pake chibalo, miyezi ukulambula misewu. Ndinaona ntchito yanga ikutha, ndinaona Esinati akudikira pakhonde, ndinaonanso mkulu wotsimphina amene ndinamubweretsa m'zimenezi ndi bodza langa.

A Mbewe sanachite phuma. Anapempha kuti akhale pansi chifukwa cha bondo, anatsegula chitini n'kupereka mtedza wotsala. Anafunsa wamkuluyo kuti ndi mwana wa yani, ndipo atamva anatchula dzina la amayi ake ndi mudzi umene anakwatiwako. Kenaka anaona kuti thumba la malaya a msipayiyo lang'ambika, likulendewera. Anati mzungu wanu akaona zimenezi sakondwera. Anasolola singano ndi ulusi m'mphepete mwa chipewa chawo, n'kuyamba kusoka munthuyo ali chivalire. Akusoka choncho, osakweza mutu, ananena mawu amene ndimawamvabe mpaka lero.

"Uyu ndi mkamwini wathu. Ndikukamuonetsa kwa akulu anga kumudzi uko. Sukulu inamuchulukira pang'ono, koma ndi munthu. Wandibereka kumsana kuchokera kumathanthwe."

Msipayi wamkulu anandizungulira, ndipo atafika kumbuyo anaima. Anaitana mnzake kuti adzaone. Anaseka mpaka wina anatsamira chibonga. Anati kazitape wotere Angerezi sangamutume, ndipo ngati anamutumadi ndiye kuti dziko lawo latsala pang'ono kugwa. Mapu anang'amba, kampasi anandibwezera. Asanatilole kupita anandiuza kuti ndinene m'Chichewa, momveka, kumene ndili. Ndinati ndili kwanu, bambo. Anati ndibwereze. Ndinabwereza.

Mudzi unali pafupi, kuseri kwa kachitunda. Tikuyenda pang'onopang'ono, iwo atatsamira paphewa panga, ndinanena zimene ndinayenera kunena pakhonde paja: kuti sindinakwerepo phiri lililonse chibadwire. Anati ankadziwa, ankangodikira kuti ndinene ndekha. Kenaka anandiuza kuti iwo anabadwira m'mudzi umene tinkapitawo, ndi kuti malire anadutsa pakati pa abale, ena uku ena uko. Ali mnyamata, azungu oyeza malo analemba anthu ntchito yonyamula katundu, ndipo simenti ya chipilala chija anaisenza iwowo ndi anzawo, maulendo atatu, kudzera njira ija ndinaikana m'mawa. Mzungu mwini ntchitoyo malo ena ankamunyamula pa machila. Ndipo azunguwo asanabwere, anati, anthu ankakwera kale phirilo: ofula uchi, osula makasu ofuna miyala yachitsulo, othawa nkhondo ya Angoni, ndi anyamata opita kukafunsira mbeta kutsidya. Palibe amene ankaona kuti n'chinthu cholemba m'buku.

Anavomeranso kuti nawonso analakwa. Cholinga chawo chinali chowoloka phirilo kuchokera pachiyambi, ndipo ataona kuti ndikutsikira mbali imene ankafunayo anangondisiya kuti aone kumene bodza langa lithere. Koma njira yeniyeni sidutsa pamsewu wa asipayi, ndipo sanayembekezere kuti kamtsinje kanga katitulutsira pamenepo. Anati masewera anawapitiriza, ndipo bondo lawalipiritsa.

Ndinalimba mtima n'kufunsa ngati mawu aja a mkamwini ananena zoona kapena ankangofuna kundipulumutsa.

"Kunamiza asipayi n'koopsa, aphunzitsi," anatero. "Tikamve kuti akulu anga ati chiyani."

Akulu awowo, amene anali mwini mbumba, anali munthu wamtali, wogontha khutu limodzi. Nkhani yonse anaimva kawiri, chifukwa malo ena ankapempha kuti abwereze, makamaka pamene ndinkathamangitsa asipayi. Anandifunsa kwathu, mfunda wanga, ndiponso ngati khasu ndimalidziwa kapena nalonso ndinaliwerenga m'buku. Ndinati khasu ndimalidziwadi, ndipo anayang'ana zikhatho zanga kuti atsimikize. Pomaliza anati nditumize ankhoswe. Tinagona komweko, mapazi anga atawathowa ndi madzi otentha.

M'mawa tinabwerera kudzera njira yeniyeni. Tinatsagana ndi amayi anayi amene ankapita kutsidya kwathu kuno kukasinthanitsa nyemba ndi mchere, madengu ali pamutu, mmodzi mwana ali kumsana. Phiri langa lovuta kufikako lija iwo ankaliwoloka kawiri pamwezi, akucheza za maliro ndi za mitengo ya nsalu. Pamalo otsetsereka ankaima kutidikira, ndipo mmodzi anandifunsa mwachifundo ngati ndadwala nthawi yaitali. Lole tinaipeza ikutidikira, matabwa atapakira kale. A Mbewe anali atauza dalaivala kuchokera ku Lilongwe kuti tidzabwera mawa lake.

Poti kutsogolo kunakhala a Mbewe ndi bondo lawo, ine ndinakwera pamwamba pa matabwa. Ndinalowa mu Lilongwe chomwecho, nditavala nsalu yakuda ya mwini mbumba m'chiuno, nsapato za matayala zobwereka kumapazi, miyendo ili zidzolo zokhazokha, chipewa cha uphunzitsi chili kumutu. Lole inaima pasitolo nthawi imene msika umadzaza. Makolo a ana a m'kalasi mwanga analipo ambiri, ndipo anandipatsa moni mmodzimmodzi, mwaulemu wonse, maso ali pansalu.

Esinati anathamangira kaye kwa amalume ake. Ataona bondo anandiyang'ana ndi diso lakuthwa, ndipo ndinamuuza zonse ndili chiimire, osasiyako kanthu, pamaso pa Mmwenye ndi dalaivala. A Mbewe anangowonjezera mawu awiri, za kumathanthwe ndi za ankhoswe. Esinati anatembenukira ku katundu wathu. Anatenga kabudula uja m'kathumba, anamutambasula m'mwamba, n'kundiyang'ana kudzera pabowo. Pamenepo m'pamene anaseka, ndipo ndinadziwa kuti ndapulumuka. Tinakwatirana chaka chotsatira, mvula itatha. Phirilo ndinaliwolokanso kambiri pambuyo pake, ku maliro ndi ku maukwati, ndipo ana a sukulu amene ndinawaphunzitsa zaka zotsatira anamva za anthu osenza simenti asanamve za mzungu.

Mwina mukuganiza kuti kuyambira pamenepo ndinaphunzira kufunsa njira. Nanenso ndinkaganiza choncho. Koma nditapuma ntchito, likulu litasamukira kuno, tinapita ndi mayi a kunyumba ku Capital Hill kukasaina mapepala. Nyumba za kumeneko zimafanana ngati mazira. Iwo anati tifunse. Ine ndinati ofesiyo ndikuidziwa. Titadutsa pa mtengo umodzimodzi kachiwiri, anayala chitenje pamthunzi n'kukhala pansi, nati ndipitirize, adzandiona ndikamadutsanso. Ndinadutsadi kachitatu, ndipo anandibayibitsa. Pamenepo ndinagonja, ndinapita kwa mlonda wa pakhomo, ndinavula chipewa, n'kumufunsa motsitsa mawu kumene kuli ofesiyo.

Ndinamuuza kuti amene akufuna kudziwa ndi mayiwo.